Misomali Itatu pa Khoma la Eni

Mwininyumba anati khoma ili musalibowole.
Ermelinda anavomera mwaulemu,
kenako ananditumiza misomali itatu kusitolo ya Abílio.

Tinasamukira kuno m'Novembala, mvula ili waa,
nsanjika yachisanu ndi chiwiri, kutali ndi mtsinje wa Douro,
kumene zenera limapenyana ndi zenera linzake
ndipo chikepe chimanunkha utoto watsopano.
Makoma oyera mbee ngati a kuchipatala.
Mkazi wanga sapeza tulo m'chipinda chopanda nkhope za anthu.

Loweruka anabwera ndi mpukutu kukhwapa,
mapepala atatu okhuthala, mayuro khumi ndi awiri lililonse,
ogula pakhomo la nyumba yosungiramo zakale.
Si utoto weniweni, anatero, ndi makope chabe,
koma ndani adzanyambita kuti adziwe?

Chachikulucho ndi doko la Ribeira, zaka zana ndi theka zapitazo.
Migolo ya vinyo ikukunkhunizidwa kuchoka m'bwato,
ng'ombe za nyanga zotambalala zaima m'goli,
amayi opanda nsapato asenza madengu a nsomba,
ndipo bambo wa chipewa chachitali sakunyamula kanthu,
akungoloza ndi ndodo.
Uyo ndi mwininyumba, anati Ermelinda.

China ndi msika wa maluwa ndi kabichi.
Chinacho, kamsewu kopapatiza madzulo,
woyatsa nyale ali pamakwerero, mwendo umodzi m'malere.
Ndakhala ndikudikira kuti agwe.

Msomali woyamba unapindika.
Wachiwiri unandilanda chikhadabo.
Nditapachika, chithunzi chinapendekeka pang'ono,
mtsinje wonse ukuyenderera kulunjika ku firiji.
Ndinati ndiwongole, iye anati ayi, usiye,
Porto sanaimepo chilili.

Usiku umenewo ndi pomwe ndinachiona.
Kuseri kwa migolo, khomo lachitatu kuchokera pamakwerero amiyala,
kakhonde kachitsulo, nsalu zitayanikidwa.
Nyumba yathu.
Zaka makumi anayi ndi chimodzi tinalipira lendi pamenepo.
Wojambulayo anaiona ife tisanabadwe,
naipaka chikasu chimene ine sindinachipezepo.
Lero pachitseko pali kabokosi ka manambala kosungira kiyi,
ndipo alendo amakoka masutikesi a matayala pamiyala,
gudugudu, mpaka mbandakucha.

Wojambula sanajambule chinyontho.
Sanajambule chifuwa cha mwana m'chipinda chopanda zenera,
kapena madzi osefukira akukwera masitepe ngati wokongoza ndalama.
Ndinamuuza Ermelinda zimenezo.
Anati ukuganiza kuti ndaiwala?
Ndinkakolopa ndine.
Nchifukwa chake ndikuifuna ili kuseri kwa galasi, youma.

Lamlungu kamdzukulu kathu Zulmira kanakwera pampando
nkuyamba kuwerenga agalu. Asanu ndi awiri,
ndi wina amene ine ndimati ndi thumba la makala.
Agogo, inuyo muli pati?
Ndinati ndinali ndisanabadwe, mwanawe.
Sanakhutire. Anayendetsa chala m'khamulo
mpaka anapeza kamnyamata kotembenuza msana,
dzanja lili m'dengu la malalanje a eni.
Ndinu uyu.
Sindinatsutse. Makutu ake ndi angadi.

Tsopano m'mawa ndimamwa khofi moyang'anizana ndi doko.
Palibe bwato lafika, palibe lachoka.
Mayi wa nsomba uja sanatule dengu chitulire,
ndipo nthawi zina khosi limandiwawira ine.

Dzulo mwininyumba anabwera kudzaona mpope wodontha.
Anaona misomali. Ndinayamba kukonza bodza pakhosi.
Iye anavula magalasi, nasendera pafupi,
naima nthawi yaitali, mpope ukudontha kumbuyo kwake.
Agogo anga ankagulitsa makala apa, anatero,
chala chili pa galu wachisanu ndi chitatu uja.
Anafunsa kumene tinagula, nalemba pachikhatho.

Pofika pakhomo anacheuka:
mabowo atatu, ndidzadula pa ndalama ya chikole.
Ermelinda anavomera mwaulemu.
Chitseko chitatsekeka anandipatsa jekete.
Pita kwa Abílio, anatero,
kuchipinda chogona kudakali mbee.