Sipanala ya Seventini

Ndikaiponda usiku pamsewu wa ku Kanengo,
mapolo a magetsi amathithikana ngati mpanda wa bango.
Ndinaigula ndi thukuta langa, ikadali m'mapepala.
Koma kabuku kake kamandiyankhula ngati kalata ya kubanki:
ukangomasula wekha nati imodzi,
pangano la zaka zitatu lafera pomwepo.

Kundiuza ine zimenezo?
Ine mwana wa a Gelesomu a ku Biwi,
amene ndinakwawira pansi pa minibasi zakufa,
ndisanadziwe kuluka tsitsi ndikudziwa kale
fungo la oyilo wotopa?
Bambo ankamugwira ndi zala ziwiri, kutikita,
maso kumwamba ngati olawa mchere m'ndiwo:
"Uyu wapita ku Mchinji kokwanira. Mkhuthule."

Loweruka m'mawa ndinayala chiguduli pa simenti.
Jeke, beseni lakale,
ndi sipanala ya seventini
imene ndinasankha tsiku logawa za masiye.
Ena anathamangira malata ndi wailesi.
Ndinalowa chagada.

Pansi pake palibe mimba yooneka.
Chivundikiro chapulasitiki basi, chosalala,
chomangidwa ndi timabawuti ta mitu ya nyenyezi.
Sipanala ya bambo inangoti kakasi m'dzanja langa,
mlendo pa maliro a eni.
Ndinatsegula boneti, kufuna kandodo koyezera oyilo.
Kulibe.
Akuti funsa kompyuta.
Kompyuta ilibe mphuno.

Lolemba ndinagonja, koma osati ndi mtima wonse.
Ndi utoto wa zikhadabo ndinajambula kamzere kofiira
podutsa chotsekera cha fyuluta,
kuti ndidzaone ngati achipotokoladi
kapena angoipukuta fumbi n'kundilembera lisiti.

Kwa ogulitsa amakulandira ndi khofi.
Matailosi ake umadziona nkhope.
Chikwangwani chikuti makasitomala alekezere apa,
ndipo makiyi ako amapita ndi munthu wosamudziwa
monga mwana wolowa ku fiyeta.
Mtengo anandinong'oneza mwaulemu:
fizi ya temu yonse ya mwana wa mlongo wanga.
Khofi anazizira m'manja.

Kuseri kwa galasi anaikweza m'mwamba.
Wa ovolosi yoyera anamasula, oyilo n'kutsika
wakuda, woongoka ngati chingwe.
Kenako, posayang'ana aliyense,
anatosa zala ziwiri. Anatikita.
Maso kumwamba.

Ndinaimirira.

Lufeyo!
Kamnyamata kotsuka mapisitoni ndi parafini kaja,
kotumidwa mandasi ku Mchesi,
kamene bambo ankakakoka khutu kakamangitsa nati mopyola.
Lero ali ndi imvi pandevu
ndi kompyuta yopachika pakhosi.

Anatuluka akupukuta manja, kajumbo kali kukhwapa.
"Achemwali, kamzere kanu ndakaona.
Abwana Gelesomu ankalemba ndi choko."
Anandipatsa fyuluta yakale, ikudontha.
Kenako motsitsa mawu, bwana wake asamve:
"Oyilo uyu akanayendabe mwezi.
Koma buku ndi buku."

Ndinalipira. Chidindo chinagwa pa tsamba loyamba, phi!
Pobwerera ndinakhotera ku Biwi.
Pamene panali galaja yathu pano akuwotcherera mageti.
Kwa mnyamata woyala zitsulo pa lona
ndinagula kiyi wa mitu ya nyenyezi,
osanenerera n'komwe.

Madzi otsukira galasi ndimathira ndekha,
amenewo buku silinandilande.
A mabuleki ndimangowasuzumira m'kabotolo kake,
manja kumbuyo, ngati wozonda wodwala.

Masamba a chidindo atsala asanu.
Sipanala ya seventini imagona m'thumba la chitseko,
ndipo pa hampu iliyonse ya ku Area 47
imagogoda.
Ndimaiyankha kuti ndamva, bambo,
dikirani, Lufeyo akadali pomwepo.
Imagogodabe.