Malire a pa Galasi

Kuno ku Tampere kumada koloko ikadanena masana.
Chipale chofewa chakwirira njinga ya Aulikki panja,
iye sanaione. Ali m'chipinda chachitatu,
manja m'magolovesi, mpweya waugwira m'chifuwa,
akutsitsa kachidindo ka labala pa galasi
pang'onopang'ono,
ngati wogoneka khanda lomwe lavuta usiku wonse.

Chidindocho chilibe dzina la boma, chilibe deti.
Chili ndi timadontho tokhatokha, mazanamazana,
kalikonse kosaposa nsonga ya singano,
ndipo inki yake ndi puloteni yomata.

Selo silimva lamulo.
Lilibe khutu loti ulikalipire,
lilibe msana woti ulikankhe.
Umangoliyalira pogona, n'kuchoka.

Oyamba kuthiridwa ndi maselo a chiwindi, alendo osankha.
Amayandama, kufufuza galasi lopanda kanthu, n'kulinyanyala,
mpaka atapeza dontho. Pamenepo amakhala phee,
kupanikizana mapewa.
Otsala oyendayenda amawatsuka, amapita ndi madzi.
M'mawa mwake amathira ena, maselo oluka,
aja amasoka bala munthu akadzicheka.
Awa sasankha. Paliponse pali mpata amatambasula miyendo
mpaka kachilumba kalikonse kazingidwa.

Akakhala okha, a chiwindi amaiwala ntchito yawo.
Sabata isanathe aphwa, ayezuka,
sadziwanso kuti anali ndani.
Koma akakhudzana ndi mlendo m'mphepete
amakumbuka, ndipo amagwira ntchito kwa milungu.

Bambo ake, Vilho, anali woyeza malo ku Kainuu.
Zaka makumi atatu akukhoma zikhomo m'nkhalango za paini,
udzudzu uli ng'wii m'khutu,
ankati malire abwino ndi oti anansi asaonane.
Anamwalira maso ali achikasu,
dzina lake lili lachisanu ndi chinayi
pamndandanda wa odikira chiwindi.
Aulikki satchula zimenezi kuntchito.
Amangojambula malire oti anansi agundane.

Tsiku la khumi ndi chimodzi Tuomo akuitana,
diso lili pa maikulosikopu, khofi wazizira pambali:
bwera udzaone, wina wadumpha.
Zoonadi. Pakati pa chilumba chofiira
pali kaselo kamodzi kobiriwira, kotalika ngati chala,
kalowerera mwa eni ake
ngati kanabadwira momwemo.

Titaye? akufunsa Tuomo.
Chithunzi chotere sichilowa m'lipoti.

Aulikki akupotoza kagudumu, kuwala kukusintha.
Akuwerenga oyandikana nako: asanu ndi mmodzi,
onse onenepa, onse amoyo.
Ichi si chiwindi, akudziwa.
Mulibe mtsempha, mulibe ndulu,
sichingapulumutse munthu chaka chino
kapena chaka chamawa.
Ndi kagalasi chabe, kukula ngati ndalama yachitsulo,
kopimirapo mankhwala asanafike m'thupi la munthu.

Usataye, akutero.
Akulemba m'kope ndi pensulo: mbale yachinayi,
mzere wachitatu, wolumpha mmodzi, tione Lachinayi.
Akubwezera mbaleyo m'kabati yofunda
momwe kutentha n'kofanana ndi kwa m'mimba mwa munthu,
n'kutseka chitseko mosagogoda.

Panja kasitima ka mumsewu kadutsa kopanda anthu.
Akufukula njinga ndi chigongono,
chishalo chauma gwaa,
ndipo mzere woyera wolekanitsa njinga ndi magalimoto
sukuonekanso pansi pa chipale.
Akuikankha, akuyenda pomwe akuganiza kuti unali.