Wochapa Zovala za Wakuba

Ndimachapa zovala za timu ya besibo
m'chipinda cha pansi pa bwalo, ku Maracaibo,
momwe makina awiri amalira usiku wonse
ngati ng'ombe zolandidwa ana.
Masewera sindiwaona.
Ndimawawerenga pa malaya.

Woponya mpira amabwera woyera ngati wansembe,
thukuta lokha m'khwapa.
Wowakha, fumbi m'mawondo.
Koma Eudomar Villasmil, nambala seveni,
amabwera ngati wachokera kokumba manda:
dothi lofiira kuyambira pachibwano
mpaka pa lamba,
batani limodzi litasowa.
Ndikaona choncho ndimati, lero waba.

Amati kuba, kwinaku akuwomba m'manja.
Ine ndinakulira m'nyumba
momwe liwu limenelo linkaitana mkwapulo.
Kuno nyuzipepala imandandalika mayina a mbava,
yaikulu pamwamba,
ndi chithunzi chake ikumwetulira.
Akuba chiyani? Kamtsamiro koyera
kokhomeredwa pansi,
koti ukakaba supita nako kwanu.
Amaba masitepe khumi ndi awiri,
amaba kuphethira kwa munthu wina.

Tsiku lina, akutafuna arepa
atatsamira makina ofunda, anandiuza:
"Mayi Obdulia, ine mpira sindiuyang'ana.
Ndimayang'ana chidendene cha woponya, chakumanzere.
Chikangoti nyamu,
ine kulibe."
Anaseka, nyenyeswa zikugwera mu dengu langa.
Sananene za bondo,
koma ndine ndimasesa mabandeji.

Kuseri kwa chitseko ndimalemba mizere ndi choko,
malaya amodzi ofiira, mzere umodzi.
Pofika sabata yomaliza ya Disembala
ndinali ndi makumi atatu.
Nyuzipepala inkati makumi awiri ndi iwiri,
ndipo mnyamata wina wa ku Barquisimeto,
Larrazábal, wamiyendo ngati ya kakowa,
ankamuposa ndi umodzi.
Ndinkati olembawo amagona.

Usiku womaliza denga linagwedezeka.
Ndinamva mapazi a anthu zikwi zambiri
akupondaponda pamutu panga,
kenaka mfuu,
kenaka zii,
zii woti ndinamva dontho la pampopi.

Malaya anabwera m'dengu ngati masiku onse,
ofiira mpaka m'khosi.
Ndinatenga choko.
Mwana wotola mabati anandigwira dzanja:
"Amugwira, mayi. Kadatsala kachala."

Ndiye kuti mizere yanga isanu ndi itatu
inali ya masiku ngati ano,
pamene anadziponya chafufumimba
n'kupeza mpira utafika kale,
n'kudzuka, n'kusansa fumbi,
n'kuyenda pang'onopang'ono anthu akumukuwiza.
Dothi silifunsa ngati wapulumuka.
Limamatira chimodzimodzi.

Eudomar anadutsa atavala kale zake,
chikwama paphewa, akutsimphina pang'ono.
Anayang'ana chitseko, anawerenga ndi milomo.
"Mwandiwonjezera," anatero.
Ndinati, "Ndawerenga zomwe ndachapa."

Mawa dzina lake likhala lachiwiri,
m'zilembo zazing'ono, pansi pa la kakowa uja.
Anthu adzakulungira nsomba pepalalo.
Ine ndanyika nambala seveni m'madzi a mandimu,
ndatikita ndi sopo mpaka zala kuwawa,
koma pamalo pomwe chifuwa chinayamba kugunda pansi
patsala kachipsera kofiirira
kukula kwake ngati chikhatho cha mwana.

Mzere wa makumi atatu ndi umodzi
ndaulemba ndithu.