Kaundula wa ku Koyra

Chokupizira mphepo cha m'chipinda chachinayi chinafa kalekale,
ndiye timaphunzira mazenera ali yasa,
fungo la mtsinje wa Rupsha likulowa limodzi ndi mabelu a njinga.
Funso lili pabolodi kuyambira sabata yatha:
kodi mchere wa m'madzi akumwa
ukuwachita chiyani amayi a ku Koyra?

Woyamba anali Protik, kompyuta ili pamiyendo.
Wapeza kaundula wa kuchipatala, wa zaka zisanu ndi zitatu,
mayina zikwi zinayi,
kuthamanga kwa magazi kolembedwa mzere ndi mzere.
Akuti, Aphunzitsi, ntchito yatha tisanaiyambe.
Ndinamufunsa mtengo wa boti lopita kuchipatalako.
Anakanda m'mutu.
Ndinati, kaundulayo akudziwa amene anafika.
Nanga amene anasowa ya boti,
amene anauzidwa kuti mutu umapola wokha,
ali patsamba liti?

Mahfuza anabwera ndi mafunso makumi awiri
oti atumize pafoni, anthu azingodina.
Mafunso aukhondo, osakhota, ndinawakonda.
Koma foniyo imagona m'thumba la ndani?
Anayamba kuyankha, n'kudukiza,
kenako anaseka yekha,
poti ya mayi ake omwe imayenda ndi mlongo wake.

Shornali salankhulalankhula.
Iye akuti akakhala padziwe milungu iwiri,
kope, mabotolo oyezera, ndi makutu basi.
Anzake anaseka: amayi khumi ndi awiri si dziko!
Ndinati, anzakowa sakunama.
Udzamva zakuya, koma za ochepa.
Udzabwera ndi mawu olemera,
wina n'kukufunsa kuti ndi angati, iwe kakasi.

Apa onse anandiyang'ana,
ngati yankho ndalibisa m'thumba la malaya.

Ndinawauza zanga.
Chaka chimene namondwe anang'amba madamu,
ndili wamng'ono ngati iwo, wothamanga magazi,
ndinawerenga mabanja pa zithunzi zojambulidwa kumwamba.
Denga limodzi, banja limodzi.
Nambala inatuluka yosalala, akuluakulu anaomba m'manja,
mpunga unagawidwa potsata pepala langa.
Amene madenga awo anapita ndi madzi
anali pamtunda wa damu, pansi pa mapulasitiki,
ndipo ine sindinawawerenge.
Mpaka lero ndikaona tebulo loyera bwino
ndimafunafuna amene alibe denga.

M'chipinda munangoti zii.
Panja wogulitsa tiyi anagogoda kapu ndi sipuni.

Tinapita tonse, Lachinayi, pa boti la m'mamawa.
Protik ndi kaundula wake, tsopano akudziwa malire ake,
Mahfuza atasindikiza mafunso papepala
kuti akafunse pamaso, amuna ali ku nkhanu,
Shornali atakumbatira mabotolo ngati mazira.

Padziwe tinapeza mayi Jobeda akutsuka mtsuko.
Tinapempha chilolezo, tinafotokoza zonse bwinobwino,
iwo akumvetsera, dzanja lili m'chiuno.
Shornali atamiza botolo loyamba,
mayiwo anatunga madzi m'manja, n'kulawa,
n'kutiyang'ana mwachisoni.

Ana inu, mwabwera mvula ili pakati.
Madzi ano ndi ozuna, ngakhale khanda limwa.
Mudzabwere mwezi wa Choitro,
nthaka itang'aluka, dziwe litatsala matope,
pamene timayenda maola awiri ndi mitsuko
n'kubwerabe ndi mchere pamilomo.
Mukayeza lero, mukalemba kuti tili bwino.

Zaka makumi awiri ndikuphunzitsa
za kuti, za ndani, za motani,
koma za liti ndinazisiya pansi pa tsamba.
Safunsa anadya phula, ine ndinalidya ndili ndi digiri.

Pobwerera injini inkatsokomola, palibe ankacheza.
Mahfuza ankafufuta funso lachisanu ndi chinayi.
Shornali ankawerenga miyezi pa zala.
Protik anatsegula kaundula uja
ndipo m'mphepete, ndi pensulo,
analemba mtengo wa boti.