Sikelo ya ku Avondale

Lachinayi usiku, m'galaja ya abwana ku Avondale,
ndikupachika zikwama pa sikelo ya kubutchala.
Makilo khumi ndi awiri, lamulo ndi lomwelo.
Cha Mayi Mudzingwa a kubanki chapyola ndi asanu:
ndatulutsa kalilole, mabuku awiri, nsapato zaphwando.
Akuseka, akuti nanga pamwambapo palibe wondiona?

Alipo, mayi. Nkhungu.
Imakudikira tsiku lachitatu,
matuza ataphulika, mawondo akulankhula okha,
ndipo sifunsa kuti umagwira kuti ntchito.

Magetsi thi! Tayatsa matochi apachipumi
ngati tafika kale m'phanga la ku Chimanimani.
Panja jakaranda akuwaza maluwa pa minibasi.

Bambo anga, a Yotamu a ku Likhubula,
anasenzera azungu mahema ndi zitini
zaka zisanu ndi ziwiri m'njira za ku Sapitwa
asanakwere sitima yowataya kuno.
Anakalambira ku Mufakose, kosakwera kosatsika.
Phiri linawatsalira ndi Kopje basi.
Lamulungu ankandikweza pamenepo, ine wefuwefu,
iwo n'kumati: usathamange mwanawe,
phazi lizithanga lafunsa mwala.

Mawa folo koloko tigwira msewu wa ku Mutare.
Masiku asanu ndi limodzi, miyoyo isanu ndi itatu.
Ndawerenga gasi, mabandeji, machesi, ndabwerezanso.

Chikwama changa chokha sindichipachika.
Pansi pake pali chipewa chawo chaubweya,
chobooka kukhutu,
chimene chinaleka kalekale kununkhira mkungudza
koma ndimachinunkhizabe.