Makwerero a ku Coventry

Amene anamanga nyumba za kuno sankadziwa za ulemu.
Makwerero ake ndi opapatiza,
awiri simungapishane osagundana mapewa.
Kwathu ndikanapatuka n'kunjuta pambali pa njira.
Kuno ndimangotsamira khoma, mpweya nditaugwira,
mpaka alamu anga a Lekeleni atadutsa
ndi fungo la sopo wotchipa ndi mvula ya m'jekete.

"Mwadzuka bwanji, akazi anga?" amatero,
monga amanenera mlamu aliyense chiyambire kale.
Gervazio amaseka ali kukhitchini, nane ndimaseka.
Chilamu n'chololedwa pakamwa.
Palibe anandichenjeza kuti mawu amatha kutsetsereka pakhosi
n'kukamera kumene mwambo sufika.

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.
Lamlungu ndimayambitsa nyimbo mu holo yobwereka.
Usiku ndimatembenuza nkhalamba za eni dziko,
kuzipukuta, kuzimwetsa tiyi ndi supuni,
thupi langa lili ngati ndowa ya pantchito.
Koma m'basi ya sikisi koloko m'mawa,
zenera litachita nthunzi,
mutu wanga umatsegula chipinda
chimene m'nyumba mwathu mulibe.
M'menemo simulowa lendi,
simulowa uthenga wa kumudzi wopempha fizi.
Muli dzanja lokha, pamsana panga, losafulumira,
ndi munthu amene sayenera kukhalamo.

Ndinasala kudya masiku atatu.
Ndinati, Ambuye, chotsani ichi.
Koma tayesani kuletsa lilime
kuti lisapite pa dzino lobooka.
Ndikamati sindiganizanso,
ndiye kuti ndaganiza kale kawiri.
Ndinayamba kuchapa zovala zawo padera,
ngati malaya angaulule kanthu
akamazungulira m'makina pamodzi ndi zanga.

Ndiye Lachinayi lina Gervazio anapita ku shifiti,
tinatsala awiri. Boila inali itafa.
Anakhala patebulo atavala chipewa,
akutafuna tchipisi mokweza,
akudandaula za viza, za loya wodya ndalama,
za mwana wawo ku Balaka amene wayamba kuwatchula kuti ankolo.
Pondipatsira kapu, zala zathu zinagundana.
Ndinadikira moto.
Ayi ndithu.
Zala zozizira za bambo wotopa,
girisi wa kugalaja ali m'zikhadabo.
Ndinawafunsa ngati akufuna shuga wina.

Nanga wa m'basi uja ndani?
Satafuna. Alibe ngongole. Sadwala chimfine.
Sanandipemphepo kanthu, ngakhale mchere.
Anangobwereka nkhope ya munthu wapafupi
chifukwa pankhope imeneyo panalembedwa kuti usayerekeze,
ndipo ine, amene ndavomera zonse kuyambira ndili mwana,
eya amayi, eya abusa, eya bwana, ndibwera ngakhale ndi tsiku langa lopuma,
ndinkafuna kona imodzi yokha
kumene ndingakhale wosamvera
popanda wina kutuluka magazi.

Sindikuti n'zoyera.
Manyazi amandipezabe, makamaka pa mgonero,
kapu ikamayandikira mzere wathu.
Koma ndasiya kudziyesa mfiti.
Chimene ndalota sindinachite,
ndipo nditachipeza chili patebulo, chitavala chipewa,
sindinachifune n'komwe.

A Lekeleni anasamukira ku Leeds mu Malichi.
M'chipinda chawo timayanikamo zovala.
Wa m'basi uja sanasamuke.
Masiku ena amavala nkhope ya wogulitsa mankhwala pa Foleshill Road,
masiku ena alibe nkhope,
ndi kutentha chabe kumbuyo kwa khosi.
Ndimamusiya akhale mpaka pa siteji yanga,
kenaka ndimadina belu.

Gervazio sindinamuuze.
Mwina nayenso ali ndi basi yake.
Ndikamafika amakhala akumanga nsapato,
timapishana pa makwerero omwe aja,
phewa ndi phewa,
iye akutsika, ine ndikukwera
kukagona pamene wasiya pofunda.