Inki ya pa Chala

Dzulo tinatulutsa madesiki onse m'kalasi ya Sitandade 2,
tinawasanjikiza pansi pa mthethe,
ndipo pamalo pa Asiyatu, kamwana koluma mapensulo kaja,
paima bokosi la mavoti.
Ine andipatsa botolo la inki.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikuchonga ndi cholembera chofiira,
lero ntchito yanga ndi kudetsa zala.

Mzere wayambira pakhomo, wakhota pa mjigo,
wakafika pa limu ya lole
imene timaimenya m'mawa n'kumaitcha belu.

Akuti sukulu yathu njaing'ono.
Ana zana ndi makumi atatu, aphunzitsi awiri ndi theka.
Thekalo ndi Che Imedi, amene amabwera njinga ikalola.
Akuti atiphatikize ndi ya kumsewu wa ku Namwera:
zoni imodzi, komiti imodzi, kaundula mmodzi,
ife tinyamule choko chathu tizipita.

Che Ajasi, a chizindikiro cha ketulo,
anaima pa ngolo tsiku la msika, chinkuzamawu chikutsokomola,
nati mutu umodzi susenza denga.
Ndinayang'ana denga lathu.
Malata atatu anapita ndi mphepo ya chaka chatha,
ndipo buku limodzi la masamu
limawerengedwa ndi mitu khumi ndi umodzi,
ena mozondoka.
Sananame Che Ajasi.

Mayi Lukiya, a makwerero, analibe ngolo.
Anayenda khomo ndi khomo ndi funso limodzi:
miyendo ya mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi
ili ndi makilomita angati?
Nanga Nalikolo akadzaza mu Januwale,
madzi ofiira mpaka m'chiuno mwa munthu wamkulu,
adzawolotsa ndani, ketulo?
Nawonso sananame.

Tsono akubwera mmodzimmodzi.
Shehe ndi ndodo yawo, amayi a phala ndi utsi m'zitenje,
Twaibu amene ndinam'kwapula pa nkhani ya mango,
lero ndevu pepeya, jekete la ku Joni.
Andipatsa chala ngati akupepesa.
Ndichiviika.
Sindifunsa kanthu, lamulo likuletsa,
koma chala chimalankhula:
china chinjenjemera, china chiuma gwa ngati chikhomo.

Usiku tawerenga ndi tochi ya foni,
oimira mbali zonse atakhala pa timipando ta ana,
maondo m'zibwano.
Ketulo. Makwerero. Ketulo. Ketulo. Makwerero.
Kunja anyamata ayamba kale kuyimba
asanadziwe kuti akuyimbira yani.

Kenaka pepala lina.
Silinachonge ketulo, silinachonge makwerero.
Pakati pa nkhope ziwirizo
wina walemba mopingasa, mokanikiza mpaka kuboola:
mlatho.

Wotsogolera analikweza m'mwamba kuti onse aone.
Yowonongeka, anatero.
Yowonongeka, anavomera a ketulo.
Yowonongeka, anavomera a makwerero.
Tsiku lonse lathunthu
apa pokha ndi pamene anagwirizana.

Ine ndinangoti chete.
Ndinaidziwa m ija, ya miyendo inayi m'malo mwa itatu.
Ndinalimbana nayo teremu yonse pa bolodi lomweli,
nditagwira kadzanja kake m'dzanja langa,
koma mwendo wachinayiwo unakana kuchoka.
Mwini wake anasiyira mu Sitandade 5,
chaka chomwe makalasi apamwamba anasamukira kutsidya.
Pano ali ndi ana awiri. Wamkulu amaluma mapensulo.

Amene wapambana mumva pa wailesi.
Mawa tibweza madesiki, tisesa mapepala,
wina amenya limu,
kaya kwa chaka chimodzi, kaya kwa khumi.
Inki ya pa chala imatha pakapita masabata awiri.
Koma pamene ankaika pepala lija mu envulopu ya zowonongeka
dzanja langa linapita lokha m'thumba la malaya
kukafuna cholembera chofiira.